Ndinayamba kuthamanga ndisanadzikhulupirire

Anthu akamva zoti ndikukonzekera marathoni yanga yoyamba, mpikisano wothamanga mtunda wautali, amati, "Koma inu mayi ndinu olimba mtima, mumadzikhulupirira." Ndimathokoza, koma sizinayambe choncho ayi. Tsiku loyamba, miyezi 7 yapitayo, ndinatuluka m'nyumba ku Matawale kusanache, dala, kuti aneba asandione. Ndinathamanga mphindi zinayi zokha, mtima uli thi thi thi, mpweya osakwana. Ndinabwerera ndikuyenda, misozi ili m'maso.

Nchifukwa chake sindigwirizana ndi mawu amene timauzana kawirikawiri akuti uyambe wadzikhulupirira, kenako uchite. Ndikanadikira zimenezo, bwenzi lero ndikadali pamkeka. Kwa ine zinayenda mosemphana. Ndinkatuluka ndili ndi mantha, ndili ndi manyazi, ndipo chikhulupiriro chinkabwera pambuyo, pang'onopang'ono, ngati madzi odontha m'ndowa.

Ndili ndi kope limene ndimalembamo tsiku lililonse limene ndathamanga: mtunda, nthawi, ndi mmene thupi lamvera. Tsamba loyamba muli "mphindi 4, ndalephera". Patsogolo muli makilomita 5, kenako 10, kenako 21. Loweruka lapitali ndinalemba 28. Usiku ukafika maganizo aja oti sindingathe, sindidzilimbikitsa ndi mawu okoma. Ndimangotsegula kopelo nkuwerenga. Zimene zili mmenemo palibe angandilande, chifukwa ndi miyendo yangayi imene inazichita.

Marathoni ndi makilomita 42.195, ndipo mtundawu sufuna kuuthamangira mwaphuma. Amene anayamba kale amandiuza chinthu chimodzimodzi: mtunda uziwonjezera pang'ono sabata iliyonse, ndipo ulendo wautali wa kumapeto kwa sabata uziuthamanga modekha moti ukhoza kumacheza ndi mnzako osabanika. Poyamba ndinkaona ngati ndi ulesi. Sabata ina ndinadumpha kuchoka pa 12 kufika pa 20 chifukwa chofuna kudzionetsa, bondo linatupa, ndinakhala masabata awiri osathamanga. Phukusi la moyo umasunga wekha. Kuyambira pamenepo ndimalemekeza tsiku lopuma mofanana ndi tsiku lothamanga.

Chimene chikundiopsabe ndi chimene othamanga amachitcha khoma. Chapamakilomita 30, mphamvu zimene thupi linasunga kuchokera ku chakudya zimayamba kutha, miyendo nkulemera ngati wamangiriridwa njerwa. Pa 28 paja ndinalawako. Ndiye pano ndikuphunzitsa mimba kulandira chakudya ndili m'njira: nthochi, ndi madzi othira shuga ndi kamchere pang'ono. Usiku wake ndimadya nsima kapena mpunga mokwanira. Nsapato ndinagula pa kaunjika mumsika wa Zomba, zokulirako pang'ono chifukwa mapazi amatupa. Sizodula, koma zafika nane pano.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Msewu wokwera ku Ku Chawe ndi mphunzitsi wankhanza koma woona. Nthawi yoyamba imene ndinafika pa damu la Mulunguzi osaima, ndinakhala pamwala nkulira, osati chifukwa cha ululu. Ndinakumbukira mayi uja amene anabwerera pa mphindi zinayi. Ndipo m'njira imeneyo mumakumana ndi amayi akutsika phiri atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, ena mwana ali kumbuyo. Mmodzi anandiuza kuti, "Limbikirani achemwali, patsala pang'ono." Iye amene katundu ali pamutu, kulimbikitsa ine amene ndanyamula kabotolo ka madzi. Mawu amenewo ndimayenda nawo mpaka lero. Tisaiwalenso kuti Mike Tebulo, amene anathamanga marathoni pa Olimpiki ya ku London mu 2012, ndi mwana wa kuno ku Zomba. Mtunda umenewu si wa anthu a ku Kenya ndi ku Ethiopia okha.

Pali china chimene chimandiwawa, ndipo ndichinena. Mwamuna akamathamanga pamsewu anthu amati akulimbitsa thupi. Akakhala mayi wa ana atatu ngati ine, mafunso amayamba: akukuthamangitsani ndani, mwasowa ntchito kunyumba, bambo akunyumba akudziwa? Ena amaimba miluzi. Ndikudziwa amayi angapo amene anasiya, osati chifukwa cha miyendo, koma chifukwa cha pakamwa pa anthu. Abale anga, mukaona mayi kapena mtsikana akuthamanga pa Chinamwali kapena pa Mpondabwino, ngati mulibe mawu abwino, ingomusiyani adutse. Simukudziwa kuti walimbana ndi zotani kuti atuluke pakhomo mmawa umenewo.

Sindikudziwa kuti pa tsiku la marathoni ndidzamaliza pa maola angati, ndipo sindikupikisana ndi aliyense. Kwatsala masabata 6. Loweruka likubwerali ndi ulendo wanga wautali kwambiri, makilomita 32, kenako ndiyamba kuchepetsa kuti thupi lipume. Tinyamuka atatu hafu 4 mbandakucha, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, kulowera njira ya ku Domasi. Mwana wanga wamkazi wapempha kuti atitsatire pa njinga atanyamula madzi ndi nthochi, ndipo akuti mzere wa tsiku limenelo m'kope muja alemba ndi iyeyo.