Msonkhano wa zachilengedwe, mabotolo mbwee

Ine zimanditopetsa izi. Akuti abwera ku Nchalo kudzatiphunzitsa kusamala chilengedwe, koma aliyense pa galimoto yakeyake kuchokera ku Blantyre, kutsetsereka ku Thabwa mondondozana ngati aukwati.

Kutentha kwa kuno mukukudziwa, ndiye madzi am'mabotolo amangogawidwa, munthu kumwa theka, botolo n'kuliponya pansi pa mpando. Nkhomaliro ibwera m'majumbo opyapyala aja boma linaletsa mu 2015. Jenereta ikulira tsiku lonse kuti tione zithunzi za Namondwe Freddy, ngati kuti sitinalipo ife.

Pofika madzulo zinyalala zonse zili m'ngalande kuseri kwa holo, mbuzi zikutafuna majumbo. Mvula ikagwa zikathera mu Shire. Kodi ndowa ya madzi ndi makapu zavuta pati, abale?