Alamu anga akuti ndikuseweretsa zidole

Loweruka alamu anga anandipeza pakhonde kuno ku Area 25 nditawerama pa kathebulo, chowengera zikhadabo chili m'manja, ndikudula tizidutswa ta pulasitiki. Anaima kaye, kenako n'kuseka. "Alamu, bambo wa ana atatu, ndevu zonsezi, mukuseweretsa zidole?" Sindinawayankhe chifukwa guluu anali asanagwire. Ndiyankha pano.

Chimene ndinkamanga ndi Dakota, ndege yankhondo yonyamula katundu imene dzina lake lenileni ndi C-47. Imabwera m'kabokosi ka kampani ya Airfix ili tizidutswa tokhatokha, pa sikelo ya 1:72, kutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa ka 72. Mapiko a ndege yeniyeni ndi pafupifupi mamita 29, ndiye yangayi ikatha ikhala masentimita 40. Ndege ina yankhondo, Spitfire, imene ndinamaliza chaka chatha ndi kakang'ono, mapiko ake sakwana masentimita 16, imakhala pachikhatho.

Funso langa kwa alamu ndi onse oseka ndi ili: tili ana, ndani sanapindepo waya? Tinkatola mawaya kuseri kwa mipanda, zitsekerero za mabotolo n'kukhala matayala, mphira wa chubu n'kumangira, chiwongolero chachitali mpaka m'chiuno. Amene galimoto yake inkakhota bwino tinkamupatsa ulemu mudzi wonse. Nanga luso lomwelo likafika pa munthu wamkulu lisanduka bwanji chibwana? Munthu akakhala pa bawo kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa palibe amene amamufunsa za ndevu zake.

Ndipo ntchitoyi siyamasewera. Guluu wake samata ngati wa nsapato, amasungunula pulasitikiyo kuti zidutswa ziwiri zikhale chimodzi. Ukadontheza pang'ono n'kugwirapo, chala chako chimadindika paphiko mpaka kalekale. Galasi la woyendetsa ndinaliwononga kamodzi ndi super glue, linachita mbuu ngati nkhungu ya m'mawa mu June. Pokwecha mizere yolumikizira ndimabwereka chokwechera zikhadabo cha mayi a kunyumba (akudziwa, anangotopa kufunsa). Zizindikiro za pamapiko zimabwera pa kapepala, umaviika m'madzi ofunda, kenako n'kuzitsetsereza pamalo pake ndi burashi utagwira mpweya. Ukapupuluma zimang'ambika, ndipo palibe kokagula zina.

Apo ndiye pali vuto lathu. Ine sindinaonepo sitolo yogulitsa zimenezi mu Lilongwe muno. Ndimadikira mnzanga wopita ku Johannesburg, ndipo kabotolo kamodzi ka penti ya Tamiya kakauma ndiye kuti ntchito yaima miyezi. Fumbi la October nalonso ndi mdani: ukangopenta, uyenera kuvundikira ndegeyo ndi beseni, apo ayi imauma ili ndi mchenga ngati yatera m'munda. Magetsi akazima usiku, basi, tochi ya foni sioneka nayo bwino mizere.

Koma Dakota sindinaisankhe mwangozi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles (KAR) anakamenya nkhondo ku Burma. Mu 1944 anadutsa m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, misewu itasanduka matope, ndipo chakudya ndi zipolopolo zinkawafikira kuchokera kumwamba, zikuponyedwa ndi ndege ngati zimenezi. Ambirife timangodutsa pa chipilala cha KAR ku Zomba osaganizako. Ine nkhaniyi ndinaifufuza chifukwa chofuna kudziwa mtundu wa penti yoyenera. Ndikumata chitseko chachikulu cha m'mbali, chimene ankakankhirapo matumba, ndinkaganiza za mnyamata wa ku Dowa kapena ku Ntcheu ali m'nkhalango yachilendo, wanyowa, akutchera khutu kuti amve mainjini awiri aja.

Ena amati kumanga ndege zankhondo ndi kutamanda nkhondo. Ndimawamva, ndipo mwina n'chifukwa chake mtima wanga ukupendekera ku zonyamula katundu kusiyana ndi zoponya mabomba.

Alamu aja asananyamuke anapempha kuti aigwireko Spitfire. Anaizunguza, anasuzumira mkati, anafunsa kuti kampando ka woyendetsako ndinakapenta bwanji. Pobweza anathyola phiko limodzi la pulopela. Akuti abwera Loweruka likudzali kudzandithandiza kumata.