Ruby Chow sanangosunga Bruce Lee basi

Nkhani ya lesitilanti ya Ruby Chow mu mzinda wa Seattle ku America ikangoyambika anthu amathamangira kwa Bruce Lee, kuti ankaperekera zakudya pamenepo ndipo ankagona chipinda cham'mwamba atafika mu 1959. Nzoona ndithu koma ine zimandiwawa kuti nkhani imathera pomwepo, mwini malowo nkumuiwala.

Mayi Chow, omwe anali a mtundu wa Chitchaina, anabadwira mu Seattle momwemo mu 1920, sukulu anasiira panjira kuti athandize pakhomo bambo awo atamwalira. Mu 1948 iwo ndi amuna awo a Ping Chow anatsegula lesitilanti kunja kwa Chinatown, dera la Matchaina mumzindamo, pamene msewu wa Broadway ukumana ndi wa Jefferson, ndipo musaiwale kuti lamulo loletsa Matchaina kulowa mu America linali litangochotsedwa kumene mu 1943, ndiye kukayala geni pakati pa azungu nthawi imeneyo kunafunika mtima wolimba zedi.

Malowo anatchuka, andale ndi akuluakulu a mzinda nkumabwera kudzadya. Apa ndi pamene ndimawapatsira ulemu mayiwa. Wina akanangowerenga ndalama nkumajambulitsa zithunzi ndi mabwana, koma iwo kudziwana ndi anthu amenewa anakusandutsa khomo lolowera anzawo omwe analibe owayankhulira, munthu wa ku Chinatown akakhala pa vuto ndi apolisi kapena ma ofesi a boma ankadziwa kopita. Mu 1962 Mtchaina mnzawo Wing Luke akupikisana pa mpando wa khonsolo ya mzinda, mayiwa anaika mawu omuchemerera m'timabisiketi tija timakhala ndi kapepala mkati, kasitomala akamaliza kudya nkutsegula akupeza kampeni ili mmanja. Luke anawina.

Kenaka mayi Chow nawonso anaima pa chisankho. Mu 1973 anasankhidwa kulowa mu King County Council, khonsolo ya dera lonse lomwe muli mzinda wa Seattle, munthu woyamba wamtundu wa ku Asia kukhala pamenepo, ndipo anakhalapo mpaka 1985, mzimayi amene sekondale sanamalize n'komwe. Mwana wawo Cheryl Chow nayenso anadzakhala khansala wa mzinda wa Seattle.

Koma chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi gulu la atsikana a Chitchaina oguba pa perete lomwe anathandiza kuyambitsa mu 1952, kuti ana aakazi aja nawonso azioneka pagulu mitu ili m'mwamba. Mayiwa anamwalira mu 2008, lesitilanti inatsekedwa kalekale, koma atsikanawo akugubabe m'misewu ya Seattle mpaka lero.