Akagwirizana kunyumba ndiye mlandu uthere pomwepo? Kuno kwathu, ku Zambia ndi ku Mozambique

Chaka chatha mchemwali wanga anamenyedwa ndi bambo akunyumba kwake mpaka diso kutsekeka, dzino lakutsogolo kumagwedera. Tinathamangira naye kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, anatipatsa kalata yakuchipatala, alamuwo anagona m'chitokosi masiku awiri. Tsiku lachitatu ankhoswe ambali zonse atulukira, apongozi misozi chuchuchu, amvekere mukawamangitsa anawa adya chani, fizi alipira ndani, banja ndi kupirira. Basi mchemwali wanga kumanga chitenje ulendo wokatseketsa mlandu. Sindimuda ayi, ndinaona ndekha kuti mu ndowa ufa unatsala wa tsiku limodzi.

Kuno ku Malawi lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo, Prevention of Domestic Violence Act ya 2006, ndipo malamulo oyendetsera milandu amalola khothi kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono ngati kumenyana kopanda kuvulazana kwambiri. Papepala mlandu ndi wa boma osati wa mayiyo, koma mboni yaikulu ikanena kuti ine ndawakhululukira sindibweranso, woimira boma atani? Failo imangotsekedwa.

Anzathu aku Zambia sitisiyana nawo kwenikweni, malamulo tonse tinatengera kwa Angelezi ndipo nawonso apolisi amadandaula zomwezi zoti amayi akumakatseketsa milandu. Koma ali ndi lamulo lolimbana ndi nkhanza zotere, Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011, kenako mu 2016 anatsegula makhothi ozenga milandu ya nkhanza mwachangu ku Kabwe ndi ku Lusaka. Apapa ndiye anaganiza bwino zedi. Chimapha milandu imeneyi ndi kuchedwa, lero mlandu auimitsa mubwere mwezi wamawa, mwezi wamawa majisitireti kulibe, transipoti ikukutherani, nthawi yonseyo abale amwamuna ali pakhomo m'mawa ndi madzulo kunyengerera, bala lapola, mkwiyo watha, njala yokha ndiye yatsala.

Mozambique ndiye inatenga njira ina. Lamulo lawo nambala 29 la 2009 limati nkhanza za m'banja ndi "crime público", kutanthauza kuti mlandu suyembekezera kuti womenyedwayo adandaule, neba akhoza kukanena, ndipo ukangolowa mayi sangapite kukati ndautseka. Tangoganizani pa Lizulu paja, msewu wa M1 ndiwo malire, mbali iyi Ntcheu mbali inayo Angónia, Angoni omwewo, chilankhulo chimodzi, ankhoswe ake omwewo, koma chibakera chomwecho chimaweruzidwa mosiyana. Chimene chimandisangalatsa n'choti katundu amachoka pamutu pa mayi. Apongozi akabwera amangoti si ine, ndi boma. Nkhawa yanga ndi yoti mayi wodziwa kuti akakanena palibe kubwerera akhoza kungokhala chete osapita n'komwe kupolisi.

Ine sindikuti mabanja asamayanjane. Mwatukwanana, mwakankhana, wina waswa foni ya mnzake, ankhoswe akhale pansi akonze, khothi litseke, palibe chifukwa choti boma lizikakamira anthu oti abwererana. Koma pomwe patuluka magazi, pomwe pali lipoti la dokotala, kapena ndi kachiwiri kachitatu, pamenepo titengere aku Mozambique. Ndipo asanatseke mlandu uliwonse majisitireti aziyamba wamuona mayiyo payekha, mwamuna ndi abale ake ali panja, n'kumufunsa kuti kodi mwakhululukadi kapena mwauzidwa, nanga usiku uno mukagona kuti.

Mchemwali wanga palibe anamufunsa zimenezo. Anasaina alamuwo ataima kumbuyo kwake, ankhoswe ali pa benchi. Dzino lija linadzachoka patatha miyezi iwiri, pano akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja.