Sun Ra sanali wamisala

Ambiri akamva chimbale cha Space Is the Place, cha Sun Ra, woimba jazi wa ku America, amangoti ndi phokoso, ena n'kuwonjezera kuti mwini wakeyo mutu sunkagwira. Ine ndikukanitsitsa.

Sun Ra ankanena kuti kwawo ndi ku pulaneti ya Saturn, ndipo anthu amaseka pamenepo. Koma taonani kumene anabadwira: Birmingham, Alabama, mu 1914, mzinda womwe munthu wakuda sankaloledwa kumwa pampopi umodzi ndi mzungu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anakana kulowa usilikali, anamutsekera. Munthu wotere akamati dziko lino si lake, akunama pati? Anataya dzina loti Herman Blount n'kutenga la mulungu wa dzuwa wa ku Iguputo wakale. Ankafuna kuti anthu akuda adzione ali ndi mbiri yoyambira kutali kuposa ukapolo, komanso tsogolo lofika mpaka kunyenyezi. Dzina la maganizo oterewa, loti Afrofuturism, linabwera m'ma 1990, iye atachita kale zimenezi kwa zaka zambirimbiri.

Tsono nyimboyo. Chimbalechi chinatuluka mu 1973, ndipo nyimbo yoyamba yokha imatenga mphindi 21, mbali yonse ya rekodi. Tcherani khutu pansi pake. Saksofoni ya baritone imangobwereza kachigawo kamodzimodzi, osatekeseka, ngati musi pamtondo. Woimba June Tyson amatsogolera, anzake n'kumavomera, malipenga kulira, organi ya Sun Ra kubangula, zonse kumwazikana, koma kachigawo kaja sikasuntha. Aliyense akasochera amabwerera pomwepo. Zimandikhudza mtima kwambiri zimenezi.

Ndipo sankangowomba mwachisawawa. Gulu lake la Arkestra linkakhala nyumba imodzi ku Philadelphia, kuyeserera maola ndi maola tsiku lililonse, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zili zoletsedwa. Nyimbo ina pachimbalepa dzina lake lomwe ndi Discipline 33 (discipline ndiye kusunga mwambo). Woimba saksofoni Marshall Allen analowa gululi m'ma 1950, ndipo mu 2024 anakwanitsa zaka 100 akulitsogolerabe. Ndani angapereke moyo wake wonse kwa wamisala?

Ngati jazi yotereyi simunaizolowere, yambani ndi Images, nyimbo yachiwiri. Ndi jazi yoongoka bwino, ndipo mumva mmene John Gilmore amaimbira saksofoni ya tenor, munthu amene John Coltrane, katswiri wotchuka wa jazi, ankamupatsa ulemu. Mukatero bwererani ku yoyamba ija, muimvetsere mpaka kumapeto, osadumpha, foni ili patali.