Anayamba kugona panja, nyaope inabwera pambuyo

Lero mlonda wa pa shopu ina ku Mayfair, kuno ku Joni, wandikhuthulira chikwama pansi anthu akuona. Ndimachokera ku ganyu yopenta, zovala zili mbuu, ndiye akuti ndikuoneka ngati phara, anyamata osuta nyaope (heroin wosakaniza ndi chamba) aja amene amaba mawaya ndi mipope. Mwatuluka chiyani? Buledi, burashi, ndi jekete lomwe ndimapititsira mphwanga. Kupepesa ayi. Ndatola ndekha.

Chandiwawa si kusechedwako. Za ku Joni kuno mukuzidziwa: kutchedwa kwerekwere (dzina lonyozera obwera), wapolisi kufuna ya drinki akaona kuti masiku a mu pasipoti anatha, bwana kukudula malipiro podziwa kuti sukadandaula kulikonse. Chandiwawa ndi dzina lija, chifukwa phara weniweni ndili naye, mwana wa achemwali anga, amagona pa makatoni kufupi ndi Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima.

Ndipo anthu asamanditopetse ndi zoti amagona panja chifukwa chosuta. Ine ndinaona ndi maso anga. Mnyamata uja anabwera osadziwa ngakhale ndudu. Ntchito ya m'munda wa maluwa itatha, lendi inapitirira miyezi iwiri, mwini nyumba anakhoma loko katundu ali m'kati momwemo. Unali mwezi wa June. Amene simunalaweko chisanu cha kuno khalani chete, chimalowa mpaka m'mafupa. Anzake a pa makatoni anamuuza kuti koka kamodzi, ugona. Anagonadi. Heroin wosakaniza ndi chamba sakufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani. Lero akapanda kusuta, m'mimba mumapota, thukuta kamukamu, amalira ngati khanda. Ndani angamulembe ntchito? Ndani angamupatse chipinda? Komwe tinapita kukapempha malo ogona anayamba ndi kufunsa ID.

Ndiye wina amvekere, bwanji osakalowa m'nyumba zolandidwa zija za m'tauni? Mwaiwala nyumba ya Usindiso? Pa 31 August 2023 ku Marshalltown anthu 76 anafa pa moto m'nyumba imeneyi, Amalawi anzathu ali momwemo.

Enanso ndinu a kumudzi, foni ikangolira ndi "tumizani ya feteleza". Nafenso Amalawi a kuno, maliro akachitika timasonkha msangamsanga kuti thupi lipite kwawo, koma munthu akadali moyo pa khonde la shopu timadutsa titayang'ana kumbali.

Phara! Pamaso pa anthu onse aja.

Jekete ndakamupatsa madzulo ano. Zala zakuda, milomo yong'aluka, koma anandilandira ndi manja awiri, nkuti "Zikomo amalume, musawauze amayi." Mwina pofika mawa akhala ataligulitsa, ndipo ndidzamugulira lina.

Achemwali, mukandifunsa ndimati ali bwino, foni yake inangowonongeka. Ndakhala ndikukunamizani, mundikhululukire. Ndine ndinamuitana kuno mwanayu, ndinamulandira ndekha pa Park Station pomwepo atanyamula kachikwama ka ufa ndi usipa womwe munanditumizira. Ndayamba kusunga ya basi ya anthu awiri. Akonzereni mphasa m'chipinda chija.