Ameneyo ndi kabawi, osati chiombankhanga

Zikomo alembi, koma mbalame yabulauni ya mlomo wachikasu imene mwati imazungulira pamwamba pa khola lanu la nkhuku, ine ndikuti ndi kabawi. Ikamauluka muziyang'ana mchira. Wa kabawi ndi wamphanda, ndipo amaupotokola uku ndi uku pokhota, mapiko ali chitambasulire. Chiombankhanga ndi chachikulu, mchira wake ulibe mphanda, komanso sichizolowera anthu chonchi.

Kwathu ku Salima akabawi amachuluka kukayamba kutentha, mvula isanagwe. Thadzi likangolira mwachilendo, anapiye onse psiti pansi pa nkhokwe! Chonde akabawiwa musawagende ndi legeni, amatithandiza kudya mbewa ndi ngumbi. Ine anapiye ndimawavundikira m'chitete mpaka atakulako.